Kaputeni Mbedza ndi Lamulo la Kuponda Pansi

Dziko la Dikirani simungalipeze pa mapu, chifukwa amene anatumidwa kukalijambula akudikirabe ndalama za ulendo. Koma lilipo, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi linkalamulidwa ndi Mfumu Yaikulu Chilankhulire Wachinayi. Mfumu imeneyi ikanena kuti "pomaliza", amayi ankadziwa kuti akhoza kupita kukatunga madzi, kusambitsa ana, n'kubwerera asanaphonye kanthu.

Mfumuyi inali ndi helikopita imodzi, mphatso yochokera kwa abwenzi akunja amene pobwerera kwawo ananyamula theka la phiri ngati zikomo. Misewu ya m'dzikomo inali yoti galimoto ikalowa m'dzenje imatulukamo dalaivala atamera imvi, choncho mfumu sinkayenda pansi. Ngakhale kukapepesa maliro kuseri kwa mpanda wa nyumba yachifumu inkapita pa helikopita.

Woyendetsa wake anali Kaputeni Sankhulani Mbedza, bambo wofatsa, wometa bwino, wosadziwa kukana. Ankalawirira m'mawa kukayendera zitsulo zonse za ndegeyo, kupukuta magalasi, ndi kutulutsa nkhuku zimene zinkakonda kuikira mazira pansi pa mpando wa mfumu. Akatero ankaulutsa mfumu kanthawi kosakwana kuwiritsa madzi a tiyi, kenako n'kudikira padzuwa tsiku lonse mfumuyo ikulankhula. Ankatero Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo anali asanadandaulepo.

Mavuto anayamba tsiku limene Nduna ya Chuma ndi Zomana, a Kaumira, anaimirira m'bwalo la nduna atachita tsinya. A Kaumira anali munthu woti akakupatsa moni umamva ngati wakubwereka.

"Wawa mfumu, ndapeza pamene chuma cha dziko chikudonthera," anatero a Kaumira. "Munthu uja Mbedza timamulipira kuti aziuluka. Koma dzulo ndamuona ndi maso angawa atakhala pa njerwa, akudya chimanga chootcha. Ndikufunsa bwalo lino: kodi pa njerwa ndi mumlengalenga?"

Nduna zonse zinagwirizana kuti pa njerwa si mumlengalenga, kupatula Nduna ya Zomangamanga imene inapempha kuti pakhale komiti yokafufuza kaye kutalika kwa njerwayo. Komitiyo inavomerezedwa, n'kupatsidwa ndalama zokagonera ku hotela.

Madzulo ake lamulo linalengezedwa pa wailesi. Ola la woyendetsa ndege liziwerengedwa ngati ntchito pokhapokha miyendo ya helikopita itasiyana ndi nthaka. Ola lililonse limene ili pansi ndi tchuthi, ndipo woyendetsayo azithokoza. Pofuna kuti pasakhale chinyengo, boma linalemba ntchito a Gwengwe, mlamu wawo wa a Kaumira, kukhala Mkulu Woyang'anira Maola a Mumlengalenga. Anawapatsa ofesi, galimoto, wotchi ndi bango lalitali lopisa pansi pa ndege kuti azitsimikiza ngati yanyamukadi. Malipiro a a Gwengwe ankaposa a Kaputeni kutalitali, koma a Kaumira anafotokoza kuti kupulumutsa chuma n'kodula.

Mwezi utatha, malipiro a Kaputeni Mbedza anangokwana sopo ndi machesi. Iye anangopukusa mutu n'kupitiriza kupukuta magalasi. Chimene chinkamudya mumtima chinali china. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mwandida, anali pafupi kukwatiwa, ndipo ukwati unali Loweruka lomaliza la mwezi wotsatira.

"Ababa, ine sindikupemphani zambiri," Mwandida anamuuza tsiku lina akusita malaya. "Ubatizo wanga munali ku msonkhano wa mfumu. Tsiku limene ndinalandira satifiketi munali ku msonkhano wa mfumu. Koma polowa m'tchalitchi, dzanja langa mudzagwire ndinu."

"Ndidzakhalapo, mwanawe."

"Musangonena," anatero mkazi wake, Nangondo. "Achimwene anga akongola kale suti. Akuuza mudzi wonse kuti mwana adzamulowetsa ndi iwo, poti bambo ake ndi mbalame."

Achimwene akewo anali a Fulaisoni, atsibweni ake a Mwandida, munthu amene pa maliro ndi pa ukwati pomwe ankakhala mpando wakutsogolo asanauzidwe.

M'mawa mwake Kaputeni anavala yunifomu yochapa n'kupita ku ofesi ya a Kaumira kukapempha tchuthi cha tsiku limodzi. A Kaumira anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana mlamu wawo.

"A Gwengwe, tawauzani bambowa."

A Gwengwe anayang'ana pa wotchi yawo ngati kuti zonse zalembedwa pamenepo. "Chiyambire lamuloli, a Kaputeni akhala pa tchuthi usiku uliwonse, m'mawa uliwonse ndi masana ambiri. M'dziko muno mulibe munthu wopuma ngati iwowa."

"Koma bwana, masana amenewo ndimakhala ndikudikira mfumu."

"Mumadikira mukuuluka kapena mutakhala?" anafunsa a Kaumira.

"Nditakhala, bwana."

"Ndiye mwadziyankha nokha. Tchuthi chanu munadya kale, cha chaka chamawa munanyambitako. Mukafuna Loweruka limenelo, bwezani kaye ndi maola a m'mwamba. Mukangojomba, ndiye kuti mwathawa ntchito ya mfumu. Yunifomu tilanda, ndipo m'nyumba ya boma mutuluka."

Kaputeni Mbedza anatuluka ali khuma. Koma munthu wofatsa akapanikizika amaganiza zinthu zimene wolongolola sangaziganize. Tsiku lotsatira mfumu inali ndi msonkhano ku Chigwa cha Malonjezo. Itangotsika n'kukwera pa nsanja, Kaputeni sanazimitse injini. Anakweza helikopita pang'ono chabe, mpata woti kudutsa mphaka, n'kuiimika pomwepo kuseri kwa nsanja. A Gwengwe anagona chafufumimba, n'kupisa bango lawo pansi. Bango linadutsa bwinobwino.

"Ikuuluka," analengeza a Gwengwe, m'kamwa mutadzaza mchenga.

Inauluka choncho mpaka dzuwa kupendeka. Fumbi linakwera ngati kwabwera kamvuluvulu, zipewa za nduna zinapita kutsidya kwa chigwa, ndipo phokoso la zikupizo linameza mawu onse a mfumu. Mfumu inaona anthu akupukuta misozi ndipo inakhudzidwa kwambiri. Inauza nduna zake kuti chiyambire ufumu wake sinalankhulepo mogwira mtima ngati tsiku limenelo, choncho Kaputeni azichita zomwezo pa msonkhano uliwonse.

Ku Msika wa Ndangofunsa nkhani inali yomweyo m'mawa mwake.

"Msonkhano wa dzulo unali wabwino," anatero mayi Nasimango, ogulitsa tomato. "Sitinamve kanthu."

"Aka n'koyamba mfumu kulankhula tsiku lonse osatinamiza," anavomereza bambo wina wa usipa.

"Ine chitenje chinauluka," anatero mayi Nasimango.

"Pepani, mayi."

"Ayi, musapepese. Chinali cha nkhope ya mfumu yomwe ija. Chabwerera kwa eni ake."

Maola a Kaputeni anayamba kuunjikana, ndipo kunyumba kwake anayamba kumwetulira. Koma helikopita simwa madzi a pachitsime. Mafuta amene anagulidwa kuti athe chaka anatha mwezi usanafike pakati, ndipo tsiku lina m'mawa injini inangotsokomola kawiri n'kukhala chete. Kaputeni anakhala pa njerwa yake ija, mutu uli m'manja. Ndege ikakhala pansi, iye anali pa tchuthi, ndipo ngongole ya tchuthi inkakula pamene ukwati unkayandikira.

Bwalo la nduna linakumananso mwadzidzidzi, chifukwa mfumu inali itakonza Ulendo Woona Chitukuko m'zigawo zonse. A Kaumira anafotokoza kuti ndalama za mafuta zinathera galimoto ya a Gwengwe ndi komiti ya njerwa, imene inali isanamalize kufufuza. Nduna ina yosadziwa zinthu inati bwanji mfumu iyende pa msewu. Anzake anaiyang'ana ngati yatukwana pa maliro, chifukwa mfumu inali itatsegula misewu yambiri pa wailesi ndipo sikunali kwabwino kuti ikaifunefune pansi.

Apa a Kaumira anaimiriranso. "Wawa mfumu, lamulo lathu silitchula injini. Silitchula mafuta. Likungoti miyendo isiyane ndi nthaka. Ikasiyana, ndege ikuuluka."

M'mawa mwake apolisi anazungulira Msika wa Ndangofunsa n'kugwira amuna onse a mapewa otakata: onyamula matumba, akabaza, opala matabwa. Anamanga mitengo ya bulugamu pansi pa helikopita ngati machira, n'kuwauza amunawo kuti kuyambira tsiku limenelo dzina lawo ndi Mafuta a Fuko. Mtsogoleri wawo anali a Likongwe, amuna awo a mayi Nasimango, amene anafunsa mwaulemu za malipiro.

"Munaonapo mafuta akulandira malipiro?" anayankha a Kaumira.

Ulendo unayambika. Mfumu inkakhala pa mpando wake itamanga lamba. Kaputeni ankagwira chiwongolero n'kumaitana kuti "kumanja" kapena "kumanzere", amuna aja n'kumakhota. Wachiwiri kwa Nduna ya Zanyengo anamukhazika padenga kuti azipukusa zikupizo ndi manja, ndipo apolisi awiri ankatsatira m'mbuyo akuti "phaphaphapha" ndi pakamwa. A Gwengwe ankayenda m'mbali, kupisa bango pakati pa miyendo ya anthu. Aliyense ankadziwa chimene chikuchitika, ngakhale mfumu yomwe, koma panalibe woyamba kunena. Mfumu itasuzumira pawindo n'kuona mitu ya anthu ikutuluka thukuta, inalengeza kuti imeneyi ndi mfundo yatsopano ya boma, yotchedwa Kuuluka Pafupi ndi Anthu.

"Kale ndege inkatidutsa pamwamba," anatero mayi Nasimango kumsika, akupaka mafuta pa mapewa a amuna awo. "Pano yatitera. Chitukuko chimenecho."

Kwa Kaputeni Mbedza zinthu zinayenda bwino mosayembekezera. Ulendo umene kale unkatenga kanthawi kochepa tsopano unkatenga tsiku lathunthu, ndipo lonselo linali la mumlengalenga. Ankadyera momwemo, osatsika, kuopa kuwononga maola. Ankawamvera chisoni amuna amene ankamunyamulawo, ndipo pokwera chitunda ankadzipeputsa pokweza matako pa mpando, ngakhale kuti sizinkathandiza kanthu. Pofika Lachisanu, ukwati uli mawa lake, a Gwengwe anavomereza monyinyirika kuti ngongole yonse yatha ndipo tsiku limodzi latsalako.

Kaputeni anathamangira kwa a Kaumira, miyendo ikugwedezeka chifukwa chozolowera kukhala.

"Tsiku lanu mwalipeza, palibe akukana," anatero a Kaumira. "Koma mawa mfumu ikukatsegula chikwangwani cha mlatho umene udzamangidwe pa mtsinje wa Wolokaninokha. Ndege singapite yopanda woyendetsa. Tchuthi chanu takusungirani bwinobwino."

"Bwana, ukwati ndi mawa."

"Mudzachitenga mwana wanu akamadzakwatiwanso."

Atafika kunyumba n'kufotokoza, Mwandida sanalire. Anangoti, "Chabwino, ababa," n'kulowa kuchipinda. Mawu awiri amenewo anamupweteka Kaputeni kuposa mmene akanamupwetekera matukwano. Anachita manyazi, manyazi enieni a bambo amene walonjeza mwana n'kulephera. Nangondo anatenga dengu n'kupita kumsika ngakhale kuti zogula zonse anali atagula kale. Anakaima pa benchi ya mayi Nasimango.

"Amuna anu ndi anzawo aja mawa adya chiyani?" anafunsa Nangondo.

"Mafuta sadya. Atero a Nduna."

"Ku ukwati wa mwana wanga kuli mpunga, mbuzi ndi thobwa. Tchalitchi chili kumanzere mukafika pa mphambano ya pa kachere. Mlatho wawo uja uli kumanja."

Mayi Nasimango anasanja tomato wawo pang'onopang'ono. "Mbuzi zingati?"

"Zokwanira."

"Ndiwauza."

Loweruka kunacha bwino. Mfumu inavala mkanjo wa nthenga, lumo lodulira riboni lili m'thumba. Mafuta a Fuko ananyamula ndege ndi changu chimene a Gwengwe anali asanachionepo, moti ankachita kuthamanga ndi bango lawo kuti asatsale. Atafika pa mphambano ya pa kachere, Kaputeni Mbedza anayang'ana kumanzere, kumene kunkamveka ng'oma ndi nthungululu. Anali munthu womvera, ndipo sankadziwa chimene mkazi wake anakachita kumsika.

"Kumanja," anaitana ndi mawu ofooka.

Ndege inakhotera kumanzere.

"Ndati kumanja, a Likongwe."

"Tamva, Kaputeni," anayankha a Likongwe pansipo, liwiro likuwonjezeka.

Mfumu inagwira phewa la Kaputeni. "Kodi tikupita kuti?"

Kaputeni anakankha chiwongolero uku ndi uku. "Wawa mfumu, ndi mphepo. Yatikulira mphamvu."

Mfumu inayang'ana mitengo, imene inali chilili osagwedeza ngakhale tsamba. Ikanatha kufuula kuti anthu awa asiye mwano, koma kutero kukanakhala kuvomereza kuti pansi pali anthu. Inangoti, "Inde, mphepo ya chaka chino ndi yoipa," n'kumangitsa lamba.

Anafika pa bwalo la tchalitchi pamene Mwandida, atavala zoyera, anali ataima pakhomo. Pambali pake panali a Fulaisoni mu suti yawo yokongola, atamukoleka kale mkono, akugwedezera mutu anthu ngati ukwatiwo ndi wawo. Anthu ataona helikopita ikulowa pa geti ndi miyendo makumimakumi, nthungululu zinasiya. Mafuta a Fuko anaona migolo ya madzi imene amayi anatungira zophikira, anakhazika mitengo ija pamwamba pake, n'kuwongola misana. Kenako analunjika kumene kunkachokera fungo la mbuzi, wa padenga uja ndi apolisi a phokoso akutsatira.

A Gwengwe anafika ali wefuwefu, anagwada, n'kupisa bango pakati pa migolo. Linadutsa.

"Ikuulukabe," analengeza.

Kaputeni Mbedza anamasula lamba wake n'kutsegula chitseko.

"A Kaputeni," anatero a Gwengwe, atakweza wotchi, "tchuthi chanu chinasungidwa. Phazi lanu likangokhudza pansi, mwathawa ntchito. Yunifomu ndilanda pompano, ndipo Lolemba mutuluke m'nyumba."

"Kaputeni, ndege ili m'mwamba, inu mukupita kuti?" inafunsa mfumu.

Kaputeni anayang'ana pansi. Panali pafupi, poti ngakhale nkhalamba ikanalumpha. Anaganiza za nyumba ya boma ija, ya malata osadontha, imene Nangondo anadzalamo mapapaya kuseri. Anachita mantha. Kenako anayang'ana pakhomo la tchalitchi, n'kuona mwana wake akumuyang'ana, osamuitana, osamukodola, akungodikira monga ankachitira kuyambira ali wamng'ono.

Analumpha.

Fumbi la pansi linali lisanakhazikike pamene a Gwengwe anatambasula dzanja. Kaputeni anavula chipewa n'kuwapatsa. Anavula jekete la mizere yagolide ndi malaya n'kuwapatsa. A Gwengwe anayang'ananso thalauza, koma Nangondo anawayang'ana iwo, ndipo nkhani ya thalauza inathera pomwepo.

"A Gwengwe," inaitana mfumu ndi mawu aang'ono, "mwati ndegeyi ikuuluka?"

"Malinga ndi lamulo, ikuuluka, mfumu."

"Nanga akuyendetsa ndani?"

"Pakadali pano palibe, mfumu."

"Ndiye nditsike?"

"Wawa mfumu, munthu satsika ndege ili mumlengalenga."

Mfumu inagwira mpando ndi manja onse awiri, inatsinzina, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowere ufumu inakhala chete pamaso pa khamu la anthu.

Kaputeni anayenda kupita pakhomo la tchalitchi atangovala vesiti yobooka pa phewa, akudzandira ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, chifukwa miyendo inali itaiwala ntchito yake. A Fulaisoni anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anamasula mkono wa Mwandida, anavula jekete la suti ija, n'kumuponyera.

"Valani, alamu. Mungatichititse manyazi. Koma musatukule manja, n'lobwereka."

Jeketelo linali lalifupi, manja ake ankathera m'zigongono. Kaputeni anagwira dzanja la mwana wake, kwaya inayamba nyimbo, ndipo iye, pozolowera kuthamangitsana ndi wotchi, anayamba kukoka mwanayo mwachangu mpaka anapunthwa pa chiwundo cha khomo. Mwandida anamugwira mwamphamvu kuti asagwe, misozi ikutsika koma akuseka.

"Ababa, yendani pang'onopang'ono," ananong'ona. "Ndakudikirani nthawi yaitali. Musafulumire kundipereka."